Kugula dzina la domeni la pa blockchain: ndondomeko yake, ndi gawo la makiyi lomwe ambiri amalidumpha

Funso lakuti "kodi ndigule dzina lothera ndi .eth, nanga ndiyambire pati?" ndakhala ndikufunsidwa mobwerezabwereza, ndipo nthawi zambiri wofunsayo amakhala atamva kale malonjezo awiri: loyamba lakuti dzina lotere limakhala lake mpaka kalekale, lachiwiri lakuti palibe angamulande. Malonjezo onse awiriwa ali ndi mbali yoona ndi mbali yonamiza, ndipo kuyankha mwachidule kumasiya munthu atasokonezeka kuposa mmene adabwerera. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba yankho lonse kamodzi. Zitsanzo zambiri ndizitenga ku Ethereum Name Service, yomwe amaifupikitsa kuti ENS ndipo imayendera pa blockchain ya Ethereum (blockchain ndi kaundula wosungidwa pa makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi), popeza ndi dongosolo lomwe mapulogalamu ambiri amalizindikira, koma mfundo zake zikugwiranso ntchito ku madongosolo ena. Kulembetsa dzina n'kosavuta ndipo kumatha m'mphindi zochepa. Ntchito yeniyeni ili pa kulongosola kuti ndani ali ndi mphamvu yanji pa dzinalo, ndipo ndi pamenepo pomwe ndikhalitsepo.

1. Dziwani kaye chomwe mukusiya ndi chomwe mukutenga.

Mayina a domeni omwe tidazolowera, monga othera ndi .com kapena .org, amayendera dongosolo lotchedwa DNS, lomwe Paul Mockapetris adalikonza mu 1983. Dongosololi ndi kaundula wamkulu wogawidwa m'magawo, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa dzina lomwe munthu angalikumbukire kukhala nambala yomwe makompyuta amagwiritsa ntchito pofunafuna seva. Pamwamba penipeni pali muzu, womwe ndondomeko zake zimayang'aniridwa ndi bungwe la ICANN lomwe lidakhazikitsidwa mu 1998. Pansi pa muzuwo pali osunga kaundula wa mchira uliwonse (gawo lomaliza la dzina), monga kampani ya Verisign yomwe imasunga .com, ndipo pansi pawo pali makampani olembetsa omwe inu mumalipirako chaka ndi chaka. Choncho dzina la mtundu umenewu mumachita kubwereka. Khothi likhoza kulamula kuti lilandidwe, ndipo kuyambira mu 1999 pali ndondomeko yotchedwa UDRP yomwe imalola mwini chizindikiro cha malonda kudandaula ndi kutenga dzina lomwe wina adalembetsa ndi cholinga choipa.

Anthu otsatsa mayina a pa blockchain amakonda kuima pomwepa, koma nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri. Mphamvu yomwe imalola kampani kukulandani dzina ndi yomweyonso imailola kukubwezerani dzinalo mukaiwala mawu anu achinsinsi kapena mbava ikalowa mu akaunti yanu. Pa blockchain, kaundula amasungidwa pa makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo cholembedwa cha dzina lanu chimasintha pokhapokha kiyi wachinsinsi woyenera (nambala yobisika yomwe mwini amatsimikizira nayo ntchito) atasainira. Kaundulayo safunsa ngati wosainayo ndi inu kapena wakuba. Palibe ofesi yokadandaulako ndipo palibe amene angabweze zomwe zasainidwa. Ngati mfundo imeneyi ikukuvutani mumtima, ndi bwino kuima pano, ndipo palibe cholakwika pakutero.

Chifukwa chomwe anthu adavutikira kupanga mayina otere n'chomveka. Mu 2001, Zooko Wilcox-O'Hearn adafotokoza kuti dzina la pa intaneti limafunika zinthu zitatu, kuti likhale losavuta kukumbukira, lotetezeka, ndiponso losalamulidwa ndi bungwe limodzi, koma kuti kupeza zonse zitatu pamodzi kumaoneka kosatheka. DNS ili ndi mayina okumbukirika koma ili ndi wolamulira pamwamba. Maadiresi a .onion a pa Tor, netiweki yobisa amene akuigwiritsa ntchito, alibe wowagawa, koma ali ndi zilembo 56 zomwe palibe angaziloweze. Adiresi ya Ethereum, yomwe anthu amatumizirako ndalama, ili ndi zilembo 42, kuyambira ndi 0x. Mayina a pa blockchain ndi njira yoyesera kugwirizanitsa zitatuzi.

2. Sankhani dongosolo musanasankhe dzina.

Ambiri amayamba ndi kuganiza dzina lokoma, kenako n'kuligula kulikonse komwe alipeza lotchipa. Kumeneku n'kuyambira kumapeto, chifukwa madongosolowa adapangidwa mosiyana ndipo kusiyanako ndi komwe kumatsimikiza zomwe mudzatha kuchita ndi dzinalo.

Namecoin ndi yakale kuposa onse. Idayamba mu 2011, idamangidwa kuchokera pa pulogalamu ya Bitcoin, ndipo mayina ake amathera ndi .bit. ENS idayamba mu Meyi 2017 motsogozedwa ndi Nick Johnson, ndipo mayina ake a .eth amalipiridwa pa chaka. Handshake, yomwe idayamba mu 2020, cholinga chake n'chosiyana: imagulitsa michira yeniyeniyo pa okushoni, kuti ilowe m'malo mwa muzu wa DNS, ndipo mwini ayenera kutsitsimutsa dzina lake zaka ziwiri zisanathe. Unstoppable Domains ndi kampani yomwe idatchuka pogulitsa mayina monga a .crypto pa malipiro a kamodzi kokha.

Pofananiza madongosolowa, dzifunseni mafunso atatu. Loyamba, ndi mapulogalamu ati omwe amalizindikira dzinali, makamaka omwe anthu okutumizirani ndalama kapena owerenga anu amagwiritsa ntchito? Dzina lomwe pulogalamu ya mnzanu siyilidziwa silingamufikitse kulikonse. Lachiwiri, ndani angasinthe malamulo? Ku ENS, mitengo ndi ndondomeko zina zimavoteredwa ndi gulu lotchedwa ENS DAO lomwe lidakhazikitsidwa mu Novembala 2021, pomwe kwina kampani imodzi ndiyo imagamula. Lachitatu, kodi mchira umenewu ulikonso kwina?

Funso lachitatuli ndi lomwe limanyalanyazidwa kwambiri. Popeza palibe wolamulira mmodzi, palibenso choletsa madongosolo awiri kugulitsa mchira womwewo, ndipo zikatero dzina limodzi limakhala ndi eni awiri, aliyense ali ndi umboni woona pa kaundula wake. Zoterezi zidachitikapo. Mu 2022 Unstoppable Domains idasiya kuthandiza mayina a .coin itaona kuti dongosolo lina lotchedwa Emercoin lidali litayamba kale kugawa mchira womwewo zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo mchira wa .wallet udayambitsa mkangano pakati pa kampaniyo ndi mbali ya Handshake. Palinso chiopsezo chakuti ICANN ikhoza kupereka mchira wotere kwa wina mu DNS wamba, ndipo ikatero ma browser onse adzatsata a ICANN. Pa mbali iyi .eth ili pabwinoko, chifukwa zilembo ETH ndi chizindikiro cha zilembo zitatu cha dziko la Ethiopia, ndipo zizindikiro zotere ICANN simazigulitsa ngati michira yatsopano.

3. Yezani phindu la dzina mosadzinamiza.

Pali mitengo iwiri yomwe anthu amaisakaniza, wolipira kuti musunge dzina ndi womwe wina angakupatseni mutafuna kuligulitsa. Woyamba ndi wodziwika. Mitengo yomwe ENS idakhazikitsa mu 2019 idali madola 5 pa chaka pa dzina la zilembo zisanu kapena kuposerapo, madola 160 pa la zilembo zinayi, ndi madola 640 pa la zilembo zitatu, ndipo lochepera apo sililoledwa. Mumalipira mu ETH, ndalama ya pa Ethereum, ndipo pamwamba pake pali ndalama ya gas, yomwe ndi malipiro a ntchito iliyonse yolembedwa pa Ethereum ndipo imakwera kapena kutsika malinga ndi kuchuluka kwa anthu pa nthawiyo. Onani mitengo ya tsikulo musanasaine, popeza gulu la ENS lili ndi mphamvu yoisintha.

Malipiro a pa chaka amakwiyitsa ena, koma ine ndimawaona ngati chinthu chokonzedwa mwanzeru. Dzina likakhala la kamodzi n'kamodzi, aliyense wotaya kiyi wake kapena womwalira osasiya makiyi amapita nalo dzinalo, ndipo palibe amene adzaligwiritsenso ntchito. Komanso munthu mmodzi akhoza kugula mayina masauzande n'kuwakhalira popanda chomulemera. Lendi yochepa imabweza mayina osiyidwa kwa anthu, ndipo mtengo wokwera wa mayina aafupi umakakamiza wowasunga kuti aganize ngati akuwafunadi. ENS yeniyeniyo idayamba ndi okushoni momwe opambana ankatsekera ndalama ngati chikole, koma idasintha mu 2019 n'kuyamba lendi.

Mtengo wachiwiri ndi womwe umakopa anthu. N'zoona kuti paradigm.eth idagulidwa ndi ETH 420 mu 2021, kuti 000.eth idagulidwa ndi ETH 300 mu 2022, ndipo ku DNS wamba voice.com idagulidwa ndi madola 30 miliyoni mu 2019. Koma malonda amenewa amatchuka chifukwa ndi osowa. Mayina ochuluka zedi sapeza wogula ngakhale mmodzi, ndipo mtengo womwe mukuona wina atalemba pa msika ndi chikhumbo chake, osati umboni wakuti dzinalo lili ndi ogula. Kumbukiraninso kuti pa blockchain munthu akhoza kudzigulitsa yekha dzina pogwiritsa ntchito zikwama (mapulogalamu osunga makiyi) ziwiri kuti lioneke lodula. Phindu lomwe mungalidalire ndi la kagwiritsidwe ntchito: anthu amakutumizirani ndalama osakopera zilembo 42, mukhoza kusintha chikwama osauza aliyense adiresi yatsopano, ndipo mbiri yanu imayenda nanu pa mapulogalamu osiyanasiyana. Ngati palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe mukuchifuna, musagule.

4. Sankhani kalembedwe kosavuta.

Gwiritsani ntchito zilembo wamba za a mpaka z ndi manambala, ndipo yesani kutchula dzinalo kwa munthu wina kuti muone ngati angalilembe molondola atangolimva. ENS imalola zilembo za zilankhulo zambiri ngakhalenso tizithunzi, ndipo pamenepa ndi pomwe achinyengo amabisala, chifukwa pali zilembo za Chisiriliki (zolembera Chirasha) zomwe pamaso sizisiyana ndi a, e kapena o wathu. ENS ili ndi malamulo oyeretsera dzina lisanalembetsedwe, koma si mapulogalamu onse omwe amawatsata mofanana. Mukamagula dzina kwa munthu wina, lilembeni nokha ndi dzanja mu pulogalamu ya ENS, osati kulikopera, ndipo muone ngati mwini yemwe akuoneka ndi yemweyo akukugulitsani.

Pewani dzina la kampani ya ena. N'zoona kuti UDRP siigwira ntchito pa .eth, koma malamulo a zizindikiro za malonda amagwira ntchito pa inu ngati munthu, ndipo misika ikhoza kuchotsa dzinalo pa mndandanda wake.

5. Konzani zikwama ziwiri musanalipire kalikonse.

Apa ndi pomwe gawo lovuta likuyambira. Chikwama, chomwe ambiri amachitchula kuti wallet, ndi pulogalamu kapena kachipangizo kosunga makiyi anu achinsinsi. Chimapangidwa kuchokera ku mawu 12 kapena 24 otchedwa seed phrase, ndipo aliyense wodziwa mawuwo ali ndi mphamvu yonse pa zomwe zili m'chikwamamo.

Mufunika ziwiri. Choyamba ndi chosungira, ndipo chikhale pa kachipangizo kapadera kosalumikizidwa pa intaneti, komwe mumatsimikiza ntchito iliyonse podina batani ndi chala. Chikwama chimenechi musadzachilumikize pa mawebusaiti oyesera zinthu, musadzasainire nacho zopereka zaulere, ndipo chizikhala chosagwiritsidwa ntchito kwa miyezi. Chachiwiri ndi cha tsiku ndi tsiku, cha pa foni kapena pa kompyuta. Cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kupanga maakaunti awiri m'chikwama chimodzi n'kumaganiza kuti ndi zikwama ziwiri. Ngati maakauntiwo achokera ku seed phrase imodzi, wakuba akapeza mawuwo watenga onse awiri. Chikwama chilichonse chikhale ndi mawu akeake, olembedwa ndi dzanja pa pepala kapena pa chitsulo. Musawajambule ndi foni, musawatumize pa imelo, ndipo musawalembe pa webusaiti iliyonse, chifukwa palibe ntchito yoona yomwe imafuna kuti muwalembe pamenepo.

Ganiziraninso za chinsinsi chanu panopa, dzina lisanalembetsedwe. Zonse zochitika pa Ethereum zimaoneka kwa aliyense. Mukalumikiza dzina lanu lenileni ndi adiresi, munthu aliyense akhoza kulilemba pa webusaiti monga Etherscan n'kuona ndalama zomwe zili pa adiresiyo, komwe zidachokera ndi komwe zidapita, kuyambira tsiku loyamba. Mukhoza kusintha adiresi pambuyo pake, koma mbiri yakuti dzinalo lidalozapo pa adiresi yakaleyo siifafanizika. Choncho ndalama zomwe mukusunga zikhale pa adiresi ina yosakhudzana ndi dzinali, ndipo ngati n'kotheka isakhalenso yomwe mwalipirira kulembetsa.

6. Lembetsani, ndipo musachoke pakati pa ntchito.

Lembani nokha adiresi ya webusaiti ya ENS mu browser, osati kudina ulalo wa pa chotsatsa kapena wa mu uthenga, popeza mawebusaiti onamizira alipo ambiri. Kulembetsa kumachitika m'magawo awiri. Poyamba mumatumiza lonjezo lobisika, lomwe limasonyeza kuti mwasankha dzina koma osaulula kuti ndi liti. Kenako mumadikira masekondi 60, ndipo pomaliza mumatumiza dzina lenileni pamodzi ndi malipiro. Adakonza chonchi chifukwa ntchito zomwe zikudikira kulembedwa pa Ethereum zimaoneka poyera, ndipo popanda lonjezo lobisikalo mapulogalamu ena akadaona dzina lanu n'kulilembetsa inu musanamalize.

Lonjezolo limatha mphamvu pakadutsa maola 24, ndipo chinsinsi chake chimasungidwa mu browser yomwe mwayambira. Mukasintha kompyuta kapena kufufuta mbiri ya browser pakati pa magawo awiriwa, muyenera kuyambiranso ndi kulipiranso gas. Onetsetsani kuti muli ndi ETH yokwanira magawo onse musanayambe, ndipo lipirani zaka zingapo nthawi imodzi, chifukwa gas mumalipira pa ntchito, osati pa chiwerengero cha zaka.

7. Gawani maudindo ndi kulongosola zolembedwa.

Malangizo ambiri amathera pa gawo lapitali, koma dzina lolembetsedwa kumene silinakonzeke. Dzina la .eth lili ndi zinthu zinayi zosiyana, ndipo chilichonse chikhoza kukhala pa adiresi yake.

Choyamba ndi mwini, yemwe pulogalamu imamulemba kuti Owner. Iyeyu ndiye angagulitse kapena kusamutsa dzina, ndipo angasinthe woyang'anira nthawi iliyonse. Chachiwiri ndi woyang'anira, wolembedwa kuti Manager, yemwe angasinthe zolembedwa ndi kupanga mayina aang'ono pansi pa dzinalo, koma sangaligulitse. Zili ngati mwini nyumba ndi munthu yemwe wamusiyira makiyi: wosiyiridwayo akhoza kusuntha katundu ndi kulandira alendo, koma mapepala a nyumba ali kwa mwini, yemwe angasinthe maloko tsiku lomwe wafuna. Chachitatu ndi resolver, kapulogalamu ka pa blockchain komwe kamasunga zolembedwa zanu ndi kuyankha pulogalamu iliyonse yofunsa kuti dzinali likuloza kuti. Chachinayi ndi zolembedwazo, kutanthauza adiresi yolandirira ndalama, malo a webusaiti, chithunzi ndi zina zotero.

Ikani umwini pa chikwama chosungira, ndipo uyang'aniro pa chikwama cha tsiku ndi tsiku. Posamutsa umwini, yerekezani adiresi yonse ndi yomwe ikuoneka pa galasi la kachipangizoko, chilembo ndi chilembo, osati zinayi zoyamba ndi zinayi zomaliza zokha. Achinyengo amapanga maadiresi ofanana ndi anu kumayambiriro ndi kumapeto, n'kukutumizirani kandalama kochepa kuti adiresi yawo ioneke mu mbiri ya chikwama chanu, podikira tsiku lomwe mudzaikopere mothamanga. Mukamaliza kusamutsa, bwererani pa tsamba la dzinalo muone ngati Owner ndi Manager akuonetsa maadiresi awiri omwe mumafuna. Ngati mukuona udindo umodzi wokha, mwina dzina lanu lidakulungidwa mu kapulogalamu kotchedwa Name Wrapper, komwe kamaphatikiza maudindo awiriwa, ndipo muyenera kulimasula kaye ngati mukufuna kuwagawa.

Kugawaku sikukutetezani ku zonse. Wakuba akalowa m'chikwama cha woyang'anira, akhoza kusintha adiresi yolandirira ndalama kuti iloze kwa iye, ndipo ndalama zomwe anthu akukutumizirani zidzapita kwa iye mpaka mutazindikira. Chomwe mwapulumutsa ndi dzina lenilenilo, chifukwa mudzatulutsa chikwama chosungira, n'kuika woyang'anira watsopano, n'kukonza zolembedwa. Ngati dzinalo limalandira ndalama zambiri ndipo zolembedwa zake sizisinthasintha, ndi bwino maudindo onse awiri akhale pa zikwama zosungira. Ngati ndi la gulu kapena la kampani, lisakhale pa kiyi wa munthu mmodzi. Gwiritsani ntchito chikwama chosainira angapo, monga Safe, chomwe chingakonzedwe kuti anthu awiri mwa atatu avomereze ntchito iliyonse, kuti kuchoka kapena kumwalira kwa mmodzi kusatseke dzina la onse.

Tsopano zolembedwa. Adiresi yomwe dzina likulozako siidalira umwini, ndipo mfundo imeneyi yatayitsa anthu ndalama. Mukagula dzina kwa munthu wina pa msika, umwini umabwera kwa inu, koma woyang'anira ndi adiresi yolandirira ndalama zikhoza kukhalabe za wogulitsayo mpaka mutazisintha nokha. Munthu wosadziwa amalengeza dzina lake latsopano, anzake n'kutumiza ndalama, ndipo ndalamazo zimakafika kwa mwini wakale. Choncho mukangogula, tengani uyang'aniro, onani resolver, fufutani zolembedwa zakale zonse, ndipo lembani zanu. Dzina limodzi likhoza kusunga maadiresi a ndalama zosiyanasiyana, monga a Bitcoin, koma lililonse liyenera kulembedwa pa malo pake. Musaike adiresi ya akaunti yanu ya ku kampani yosinthira ndalama, popeza adiresiyo ndi ya kampaniyo, ikhoza kusintha, ndipo simungasainire nayo kanthu.

Kenako ikani dzina loyamba, lomwe pulogalamu imalitcha Primary Name. Zolembedwa wamba zimayankha funso lakuti dzina ili likuloza pa adiresi iti, pomwe dzina loyamba limayankha funso lobwerera, lakuti adiresi iyi izioneka ndi dzina liti. Limaikidwa ndi chikwama cha adiresiyo, ndipo limagwira ntchito pokhapokha mbali ziwirizi zikugwirizana. Adakonza dala chonchi, chifukwa aliyense akhoza kulozetsa dzina lake pa adiresi yanu popanda chilolezo chanu, koma sangachititse kuti adiresi yanu izioneka ndi dzinalo.

Pomaliza yesani. Kuchokera pa chikwama china, lembani dzina lanu pa malo a wolandira, onani adiresi yomwe yatuluka, tumizani ndalama yochepa kwambiri, ndipo muone ngati yafika. Bwerezani kuyesaku nthawi iliyonse mukasintha cholembedwa, dzinalo lisanaperekedwe kwa ena.

8. Ngati mukufuna webusaiti, dziwani malire ake.

Dzina silisunga webusaiti, limangoloza. Mafayilo mumaika pa dongosolo monga IPFS, lomwe limapatsa zinthu chizindikiro chotchedwa CID chowerengedwa kuchokera ku zomwe zili mkati, ndipo chizindikirocho mumachilemba pa malo otchedwa contenthash. Mukasintha chilembo chimodzi pa webusaitiyo, CID imasinthanso, ndipo muyenera kukonza cholembedwacho ndi kulipira gas, pokhapokha mutagwiritsa ntchito IPNS, yomwe imapereka cholozera chosasintha. IPFS sisunga mafayilo yokha mpaka kalekale. Payenera kukhala kompyuta yomwe yawagwira, ndipo ikaleka, dzina lanu lidzaloza pa chinthu chomwe palibe akuchipereka.

Ma browser ambiri sazindikira .eth, choncho anthu amadutsira pa zipata monga eth.limo, powonjezera .limo kumapeto kwa dzinalo. Chipata chotere ndi domeni wamba ya mu DNS, ndipo chili pansi pa malamulo omwewo omwe mumafuna kuwapewa. Chipata chakale cha eth.link chidalowa m'mavuto mu 2022 pa nkhani ya kulembetsanso domeni yake, ndipo mawebusaiti ambiri omwe ankadalira icho adakhudzidwa. Ngati owerenga anu ndi anthu wamba, sungani domeni ya DNS. ENS imalolanso kulowetsa dzina la DNS lomwe muli nalo kale, monga la .com, pogwiritsa ntchito umboni wa DNSSEC (njira yotsimikizira kuti zolembedwa za mu DNS n'zoona), ndipo kwa makampani ambiri njira imeneyi ndi yoyenera kuposa kugula dzina latsopano, ngakhale kuti umwini wake umadalirabe DNS.

9. Sungani tsiku lothera, ndipo konzani za amene adzatsale.

Polembetsa simudapereke imelo kapena nambala ya foni, choncho musadalire kuti wina adzakukumbutsani. Lembani tsikulo pa kalendala yanu ndi pa pepala lomwe lili pamodzi ndi malangizo a makiyi. Uthenga wobwera wokha wokuuzani kuti dzina lanu likutha, muli ulalo wolipirira, muziutenga ngati msampha mpaka mutadzionera nokha pa webusaiti yeniyeni.

Dzina la .eth likatha nthawi, mumapatsidwa masiku 90 achisomo, momwe palibe wina angalitenge koma inunso simungalisamutse mpaka mutalipira. Masikuwa akadutsa, dzinalo limatsegulidwa kwa aliyense ndi mtengo wowonjezera womwe umayamba pa madola 100 miliyoni n'kumatsika ndi theka tsiku lililonse mpaka kutheratu pakadutsa masiku 21. Cholinga chake n'chakuti dzina lofunidwa ndi ambiri lipite kwa wolipira mtengo wake, osati kwa yemwe ali ndi pulogalamu yothamanga kwambiri. Mwini wakale alibe mwayi wapadera pa nthawi imeneyi.

Choopsa kwambiri n'chakuti dzina lotha nthawi limapitiriza kugwira ntchito. Zolembedwa zakale zimayankhabe, ndalama zimafikabe, ndipo palibe chokuchenjezani kuti china chake chavuta. Tsiku lomwe wina walilembetsa n'kusintha adiresi, onse omwe adasunga dzina lanu amayamba kutumiza ndalama kwa mlendo, ndipo mayina aang'ono omwe mudapereka kwa antchito kapena makasitomala amagwera m'manja mwake. Ngati mwaganiza zolisiya dzina, dziwitsani onse omwe amaligwiritsa ntchito nthawi idakalipo, ndipo ngati lidali lolandirira ndalama, ndi bwino kulisunga zaka zina zingapo ngakhale mutasiya kuligwiritsa ntchito.

Pali chinthu chimodzi chothandiza pa kapangidwe ka ENS: munthu aliyense akhoza kulipirira nthawi ya dzina lililonse, ndipo kutero sikumupatsa mphamvu iliyonse pa dzinalo. Choncho simufunika kutulutsa chikwama chosungira kuti muwonjezere zaka, ndipo wachibale kapena mnzanu wa pa ntchito akhoza kulipira m'malo mwanu mutadwala kapena muli kutali. Muuzeni zimenezi panopa. Koma kulipira sikusamutsa umwini, ndipo kalata ya chuma cha masiye kapena chigamulo cha khothi sichingasainire m'malo mwa kiyi. Lembani pepala lofotokoza dzina lomwe muli nalo, chikwama chomwe chili mwini, chomwe chili woyang'anira, tsiku lothera, ndi komwe mawu obwezeretsera akusungidwa, koma mawuwo musawalembe pa pepala lomwelo. Munthu yemwe mwamusankha ayesere kutsata pepalalo inu mulipo, pogwiritsa ntchito chikwama choyeserera chomwe mulibe kanthu, kuti pomwe sakumva mupakonze.